Kanjira Kopserera Kuseri kwa Nyumba Yanga

1

Dzina langa ndine Marlys. Mukafika panyumba zathu kuno ku Duluth n'kufunsa kuti wapampando wa komiti ndani, anthu ayamba ausa moyo kaye, kenako n'kukulozerani khomo langa. Sindikana ayi, ndine wovuta. Nyumba zathuzi n'zogundizana, aliyense ali ndi yake, koma zakunja zonse, denga, makoma, mitengo ndi kapinga, n'za tonse. Ndiye za tonse zikasowa munthu wokalipa zimasanduka zopanda mwini. Wokalipayo ndine.

Chisanu chikatha, chipale chofewa chikasungunuka, a komiti timazungulira nyumba zonse kuona zimene zawonongeka. Tsiku limeneli ine ndimalikonda kuposa Khirisimasi. Chaka chino tinalipo atatu: ineyo, a Gordon Tveit amene amatha kuseka ngakhale pamaliro, ndi Doreen, mzimayi amene maso ake sapuma ndipo pakamwa pake sipatseka.

Tinayambira kumaso. Mipita ya madzi a padenga inali itadzaza masamba ovunda, penti wa m'makonde akusupuka, makwerero a simenti atang'aluka. Ine mtima uli mbee, ndikuloza uku ndi uku ngati mwini dziko.

"Taonani khonde la mayi Pelkey," Doreen anandikodola. "Awonjezera mabelu ena."

A Loretta Pelkey ndi mayi wamasiye, tsitsi lofiira lochita kudaya, kuseka kwake komveka mpaka kumsewu. Lamulo limaletsa kupachika zinthu pakhonde, koma pawo pamalendewera mabelu, mbalame zapulasitiki ndi zina zosadziwika dzina. Ine ndi iwo tinkapatsana moni wa mano okhaokha.

Titakhotera kuseri, kapinga anali atayamba kubiriwira, wokongola bwino. Koma pakati pake panadutsa kanjira kofiirira, kopserera ngati wina wathirapo madzi owira.

"Mchere uwu," a Gordon anatero akupalasa ndi nsapato. "Munthu wakhala akudutsa apa chisanu chonse, n'kumawaza mchere kuti asaterereke."

"Timupeza ameneyo," ndinatero. "Lamulo likuti wowononga kapinga abzale yekha ndi manja ake, anthu akuona."

"Kumupeza sikuvuta, amayi wapampando. Njira imakhala ndi koyambira ndi kothera."

Tinaitsata. Mbali imodzi inakathera pakhomo lakuseri la a Loretta. Ndinamwetulira, n'kunena chamumtima kuti lero ndawagwira. Tinatembenuka kutsata mbali inayo. Ine ndinali patsogolo, mutu pansi, kuyenda mwamatama, mpaka nsapato zanga zinagunda pasitepe. Nditadzutsa maso, abale inu, linali khomo langa.

A Gordon anayamba kukhosomola chifuwa chabodza. Doreen anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Iii," anatero pang'onopang'ono. "Komatu a Curtis chipumireni pantchito akuoneka anyamata."

2

A Curtis ndi amuna anga. Takhala m'banja zaka zoposa makumi atatu, ndipo mawu onse amene ayankhula pazaka zimenezi ine ndikhoza kuwamaliza Loweruka limodzi. Ankagwira ntchito kudoko, pano anapuma. Ine ndimachoka m'mawa kupita kuntchito kuchipatala cha mano, kubwera madzulo. Masana onse m'nyumba mumatsala iwo ndi bambo anga, a Arvid, amene tinawatenga mayi atamwalira. Bambowo ndi nkhalamba yoyendera ndodo, chiuno chinachitidwa opaleshoni, kuchoka pampando kukafika kukhitchini amachita kupumira panjira.

Ndiye mundiuze, owerenga anga, inu mukanaganizira ndani?

Ndinalowa m'garaja. Matumba a mchere amene a Curtis anagula chisanu chikuyamba, ine n'kuwakalipira kuti achulutsa, anali atatsala limodzi lokha, nalonso litafika theka. Ndinatsegula kabati ya kukhitchini. Munali mbale ya maluwa abuluu imene ine sindinagulepo chibadwire. Ndinainunkhiza. Keke ya maapozi!

Madzulo patebulo ndinayesa kudekha.

"Mbale iyi n'nja ndani?"

A Curtis anayang'ana mbale, n'kuyang'ana mbatata zawo. "Ya aneba."

"Aneba ake ati? Tili nawo ambiri."

Bambo anatsamwa ndi khofi. Ndinawasisita kumsana, ndipo ndinamva kuti akununkhira mafuta ometera ndevu, tsitsi atalipesa bwino. Ndinangoti nkhalamba yasangalala kuti dzuwa labwerera.

"Nanga mchere wa pakapinga anawaza ndani?"

"Ndine," a Curtis anayankha osaphethira.

"Chifukwa?"

"Kuti munthu asagwe."

"Munthu wake uti?"

Anaika foloko pansi. "Marlys, mundipatse mpaka Lamulungu. Lamulungu mumva zonse."

Mpaka Lamulungu! Ngati ndikufunsira malo kwa dokotala! Ndinakwera kuchipinda, n'kutsitsa pilo ndi bulangete, n'kuziponya pasofa. A Curtis anaziyang'ana, n'kuyala bwinobwino osanena kanthu. Kukhala chete kumeneko ndiye kunandipsetsa mtima koposa. Munthu wosalakwa amalimbana nawe, ndinkaganiza choncho.

3

M'mawa mwake Doreen anali akundidikira pagalimoto, atanyamula kapu ya khofi ndi nkhope yachisoni yochita kubwereka.

"Anzanga, ine sindikonda zolankhulalankhula."

"Lankhula, Doreen, ndichedwa."

"Chipale chikangogwa, inu mukangotuluka pageti, a Curtis ankatuluka ndi fosholo ndi ndowa. Kupalasa, kuwaza, kupalasa, kuwaza, mpaka pakhomo la a Loretta. Mayiwo n'kutsegula chitseko ali mu gauni, n'kuwapatsa kapu. Ine zenera langa limangoona pang'ono chabe, zambiri mitengo ija imanditchinga. Ndinapempha kalekale kuti idulidwe, inu a komiti munakana."

"Bwanji sunandiuze?"

"Aaa, ine kulowerera za m'banja mwa eni?"

Tsiku limenelo kuntchito ndinasokoneza mayina a odwala, mpaka mayi wina wodzatsukitsa mano anatsala pang'ono kuzulidwa dzino. Ndikunena zoona, ndinkaopa. Ukali wonse uja unali pamwamba chabe. Pansi pake panali mzimayi wa imvi zobisa amene ankadzifunsa kuti a Curtis akachoka, adzayamba bwanji kugona yekha pabedi lalikulu lija.

Pobwerera ndinapita molunjika kwa a Loretta. Ndinadutsa kumaso, kanjira kaja sindinafune n'kukaponda komwe. Ndinawapeza akupukuta mabelu awo.

"Mayi wapampando! Mwabwerera mabelu?"

"Ndabwerera kapinga."

Anasiya kupukuta. Ndinkayembekezera kuti achita manyazi, koma anandiyang'ana ndi maso achifundo, ndipo chifundocho chinandibaya kuposa chipongwe.

"Marlys, nkhani imeneyi si ine woyenera kukuuzani. Kafunseni kunyumba kwanu, koma mukafunse mofatsa."

"Musandiphunzitse kafunsidwe m'nyumba mwanga!"

"Chabwino. Mbale yanga ija mukatha nayo mubweze."

Ndinachoka, mabelu akundilirira kumbuyo ngati akundiseka.

4

Loweruka linali tsiku la ntchito ya tonse. Chaka chilichonse tsikuli eni nyumba onse amatuluka: ena kupalasa masamba, ena kutsuka makoma ndi makina opopera madzi, ena kuthira manyowa m'maluwa. Masana timawotcha masoseji n'kudyera limodzi panja. Anthu anabwera ambiri kuposa zaka zonse, ndipo sikuti anadzera masoseji. Doreen anali atagwira ntchito yake.

Ndikanadikira tsiku limodzi lokha. Limodzi! Koma ndinaona a Curtis ali pamakwerero akuchotsa masamba mumpita wa padenga la a Loretta, mayiwo atagwirizira makwererowo pansi, akuseka.

Ndinatenga reki yopalasira ndi thumba la mbewu ya kapinga, n'kuimba m'manja.

"Tamverani nonse! Tisanadye, pali lamulo loti tikwaniritse. A Curtis, tatsikani."

Anatsika pang'onopang'ono, akupukuta manja pabuluku. Wa makina opopera madzi anazimitsa makina ake.

"Wowononga kapinga amabzala yekha, anthu akuona. Nayi reki, nayi mbewu. Muyambire pakhomo la chibwenzi chanucho, mumalizire pakhomo langa. Mukafika pamenepo mupeza sutikesi yanu."

"Marlys," a Gordon ananong'ona, kuseka kutawathera. "Izi si za komiti."

"Kapinga ndi wa komiti!"

A Curtis sanayang'ane anthu, anayang'ana ine. Nkhope yawo inachita ngati ndawamenya mbama. Kenako anatambasula dzanja n'kulandira reki ija.

"Curtis, bweretsa kuno rekiyo."

Anali mawu a bambo. Anali atakhala pampando wa pakhonde lathu lakuseri, bulangete pamiyendo. Analichotsa, n'kugwira ndodo, n'kudzuka.

"Bambo, khalani pansi, mugwa."

"Iwe khala chete kamodzi, mwanawe. Chibadwire sunayesepo."

Anthu ena anaseka mobisa. Bambo anatsika sitepe, n'kuponda pakanjira kaja. Ndinaona chinthu chimene chinanditsegula pakamwa: mapazi awo ankaidziwa njirayo. Pokhota ankakhota osayang'ana, ndodo ikugwera m'timaenje timene ine ndinkayesa ta agologolo. Anayenda osapumira, munthu amene kunyumba amalephera kukafika kukhitchini. Atafika kwa a Loretta, anawagwira dzanja, n'kutembenuka.

"Kanjira aka n'kanga," anatero mokweza. "Ndakayenda chisanu chonse, ndipo ndikayendabe. Mkamwini wangayu ankangondipalasira ndi kundithirira mchere kuti ndisathyoke chiuno chinachi. Ine ndi Loretta tikukwatirana chilimwe chino. Ndimati ndinene mawa patebulo ngati anthu, koma mwana wanga wakonda msonkhano."

A Gordon anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi pakapinga. Wina anayamba kuimba m'manja, onse n'kutsatira. Doreen ankangoti, "Mitengo ija! Ndinanena ine kuti idulidwe!"

Ine ndinangoima ndi thumba la mbewu m'manja. Nditacheuka kuti ndiyang'ane a Curtis, ndinangoona reki itatsamira khoma.

5

A Curtis ndinawapeza m'garaja akulongedza mbedza ndi ndodo zowedzera m'galimoto.

"Mukupita kuti?"

"Kwa Wendell." Ameneyo ndi mng'ono wawo, ali ndi kanyumba kunyanja.

"Mubwera liti?"

"Kaya."

"A Curtis, bwanji simunangondiuza?"

"Apongozi anandipempha kuti anene okha. Ndinawalonjeza." Anatseka buti. "Munafunsa Doreen. Munafunsa ndowa, munafunsa mbale, munafunsa kapinga. Ine ndinakupemphani masiku ochepa chabe, munandipatsa reki."

Chikwatiraneni sanayankhulepo mawu ambiri chonchi nthawi imodzi, ndipo aliwonse anandilasa. Galimoto inatuluka, ine n'kutsala ndikununkhiza utsi.

Bambo ndinawapeza kukhitchini akudya soseji ngati palibe chachitika.

"Inunso bambo, chobisira n'chiyani?"

"Ukufunsa? Tsiku lija ndinapereka jekete la mayi ako kwa osauka, unalira sabata yathunthu osandiyankhula. Mpando wawo mpaka lero suloleza munthu kukhalapo. Ndiye ndikanayamba bwanji kukuuza kuti ndakonda mkazi wina, mkazi wakenso wa mabelu?"

"Mayi mwawaiwala?"

Anasiya kutafuna. "Mayi ako ndimawakumbuka m'mawa uliwonse ndisanapeze n'komwe magalasi anga. Koma ine ndikadali moyo, Marlys. Loretta amandiseketsa. M'nyumba muno umandisamala bwino, mankhwala pa nthawi yake, koma umandiyang'ana ngati denga lodontha loyembekezera kukonzedwa."

Ndinalira, owerenga anga, kulira kwenikweni kwa mamina. Bambo anandipatsa kansalu kopukutira mbale.

"Za ine usadandaule," anatero. "Dandaula za mwamuna uja. Chisanu chonse ankadzuka kukandikonzera njira, kenako n'kuima pazenera mpaka ndikafike. Ukamutaya ameneyo ndiwe chitsiru, ndipo uchitsiruwo sunatengere kwa ine."

6

Masiku anadutsa, foni ya a Curtis osayankhidwa. Ndinkatumiza mauthenga, Wendell n'kumandiyankha kuti nsomba zikudya bwino. Sofa inali ikadali ndi pilo ndi bulangete lopindidwa mwaudongo, ine osalimba mtima kuzichotsa.

Mbale ija ndinakabweza ndekha, ndipo ndinadzera pakanjira.

"Mayi Pelkey, ndinakulakwirani."

"Munandilakwiradi," anatero a Loretta. "Koma kundiganizira kuti ndingalande mwamuna wa zaka zimenezo, iii, ndinakondwa sabata yonse. Lowani mumwe khofi. Ndipo muzolowere, posachedwa muzinditchula kuti mayi."

"Mabelu okhawo ndiye muchotse."

"Ayi."

Pamsonkhano wa komiti nkhani ya kapinga inabweranso. A Gordon anafunsa, akudziletsa kuseka, kuti nanga abzale ndani, poti woyenda ndi wina, wowaza mchere ndi wina.

"Pasabzalidwe kanthu," ndinatero. "Chisanu chikubwerachi bambo adzayendaponso, kapinga n'kupsanso. Tiikepo miyala yaphanthiphanthi, ikhale njira yeniyeni."

"Amayi wapampando, lamulo limaletsa kusintha malo a tonse. Munalilemba ndinu."

"Ndikulidziwa, a Gordon. Kwezani dzanja musanandipsetse mtima."

Manja anakwera onse, la Doreen poyamba.

Miyala itabwera ndinakana kuitana amisiri. Lamulo limati wowononga akonze ndi manja ake anthu akuona, ndipo pa anthu onse a pamalopo amene anawononga chinthu chachikulu ndinali ine. Loweruka m'mawa ndinavala buluku lakale la a Curtis, n'kuyamba kukumba. Anthu ankasuzumira m'mazenera. Ena anatulutsa mipando n'kukhala m'makonde ndi makapu awo. Ndinawasiya aonere, ndinali nditawaitana ndekha tsiku lija.

Ntchito imeneyi sindiidziwa, ndisaname. Pofika masana msana unali utauma, m'manja muli matuza, miyala itakhala mokhotakhota ngati mano a odwala athu. Ndikulimbana ndi mwala wina, ndinaona nsapato zamatope zitaima patsogolo panga. Nsapato zimenezo ndikhoza kuzizindikira pakati pa nsapato za dziko lonse.

Sindinadzutse mutu. Ndinkaopa kuti ndikawayang'ana ndipeza nkhope ya tsiku lija.

Nsapato imodzi inaponda mwala umene ndinali nditangoika. Mwalawo unagwedera.

"Apa apongozi agwa," anatero a Curtis.

"Ndikudziwa."

"Simunathire mchenga pansi."

"Sindimadziwa kuti pamafunika mchenga." Ndinadzutsa mutu. "A Curtis, ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Ndiye ndikupepesanso pamaso pa anthu omwewo. Onse ali m'makondemu, akumva. Pepani. Ndinachita mantha kuti mwandisiya, ndipo mantha anga amatuluka ngati ukali."

Mabelu a Loretta analira ndi kamphepo. Kenako a Curtis anagwada pambali panga, maondo akulira, n'kundilanda fosholo.

"Wendell amaphika zoipa," anatero. "Gwirani uko, tinyamule."

Kukhonde la Doreen kunamveka kufwenthera. A Gordon anakuwa kuti, "Komiti yavomereza!" Ine ndinagwira mwala mbali yanga, misozi ikugwera pamchenga, ndipo tinayambiranso pa mwala woyamba.

7

Ukwati unachitika chilimwe, pakapinga pomwepo. Bambo anasamukira kwa a Loretta, ndiye masiku ano kanjira kaja amakayenda chobwerera, kubwera kwathu kudzadya ndi kudzadandaula kuti mabelu sawagonetsa. Mpando wa mayi ndinawapatsa kuti apite nawo. Amene amakhalapo tsopano ndi a Loretta, ndipo ndinadabwa kuona kuti mtima wanga sunasweke.

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga okonda kugwira anthu zolakwa, ndimvereni. Ine ndimatha kuona mng'alu pakhoma ndili kutsidya kwa msewu, koma ndinalephera kuona kuti bambo anga ali m'chikondi pamene ankanunkhira mafuta patebulo langa lomwe. Zimene ndinaona pakapinga zinali zoona zokhazokha: mchere unali wathu, dzanja linali la amuna anga, khomo linali la mkazi wina. Bodza ndinawonjezerapo ndekha. Munthu amene wakhala nanu zaka zonsezo akakupemphani kuti mudikire mpaka Lamulungu, dikirani. Mukwiye, mumenyetse zitseko, mumugoneke pasofa ngati mukufuna, koma reki isiyeni m'garaja.

Chipale choyamba chagwa sabata yathayi. Ndinadzuka a Curtis asanadzuke, n'kutenga fosholo ndi ndowa. Ndili pakati pa njira ndinamva zenera lathu likutseguka.

"Marlys! Mcherewo pamiyala pokha, mupsereza kapinga!"

"Wapampando ndine!" ndinakuwa.

"Ndikakunenezani kukomiti," anatero, n'kukhalabe pazenerapo mpaka ndinakafika pakhomo la a Loretta.